Kutulutsa chimbale panokha ndi kupeza poimbira: njira yake kuno ku Malawi

Kale woimba akamaliza kujambula ankanyamula tepi yake n'kupita nayo ku Limbe kwa O.G. Issa, ndipo zochulukitsa makaseti, kuwatumiza m'maboma ndi kuwagulitsa zinali za ena. Njira ija idatsekeka. Lero amene akufuna kutulutsa chimbale adziwe kuti mwini kampani ndi iye, wolengeza malonda ndi iye, msungichuma ndi iye, woyenda ndi makalata ndi iye yemweyo. Zimatheka, ndipo ambiri akuchita. Koma ambirinso amasokoneza ndondomeko: ndalama zonse amazithira mu situdiyo, chimbale n'kutuluka, kenaka m'pamene amayamba kufunsa kuti anthu ochimvera ali kuti. Ine ndikulangizani kuyambira mbali inayo. Kuno kwathu ndalama ya woimba ili pa siteji ndi m'mapepala a umwini wa nyimbo, pomwe yochokera pogulitsa nyimbozo ndi yochepa. Choncho tiyambira pa siteji.

Choyamba: pezani poimbira musanapeze situdiyo

Malo oimbira alipo, kungoti salengezedwa pamodzi. Muyenera kuwasaka ndi miyendo.

Ku Blantyre, Jacaranda Cultural Centre yakhala ikuchititsa Sounds of Malawi, madzulo a nyimbo zoimbidwa ndi zida pamaso pa anthu, ndipo Kwa Haraba kumasonkhana alakatuli ndi oimba ndi gitala. Malo otere ndi abwino kwa woyamba kumene, chifukwa anthu ake amabwera kudzamvera, osati kudzamwa kokha. Ku Lilongwe kuli Music Crossroads ku Area 23, komwe achinyamata amaphunzira kuimba. Ngakhale musalembetse maphunziro, kumeneko n'komwe mungadziwane ndi oimba besi, ng'oma ndi kiyibodi amene akufuna woimba naye. Ku Zomba, ku Mzuzu, ku Bunda ndi ku Blantyre komweko, ophunzira a m'mayunivesite amakhala ndi mapeto a sabata a zisangalalo, ndipo amene amasankha oimba ndi atsogoleri a ophunzira, anthu oti mungawapeze ndi kulankhula nawo popanda mkhalapakati. M'mbali mwa nyanja, ku Mangochi, Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhata Bay, malo ogona alendo amafuna woimba wa gitala kapena kabandi kakang'ono, makamaka nyengo ya tchuthi. Ndipo pafupifupi tauni iliyonse ili ndi malo omwera kapena hotela kumene bandi imaimba Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu masana.

Ngati mumaimba nyimbo zauzimu, njira yanu ndi yosavutirapo. Tchalitchi chanu ndiyo siteji yoyamba. Kenaka misonkhano ya achinyamata, maphwando a makwaya ndi mapemphero ochezera usiku. Oimba akuluakulu akamakhazikitsa zimbale zawo ku Robin's Park, ku Comesa Hall kapena ku Sheaffer, amafuna akalambulabwalo ambiri chifukwa mwambo umatenga masana onse. Musanyozenso maukwati ndi zinkhoswe. Amalipira, ndipo pamakhala anthu a misinkhu yonse, zomwe simungapeze kumalo omwera.

Kulowa kwake kuli chonchi. Sankhani malo awiri kapena atatu oyandikira kwanu, muzipitako ngati womvera wamba kwa masabata angapo. Onani amene akulamula siteji. Kawirikawiri si mwini malo ayi. Ndi mtsogoleri wa bandi kapena mkulu wa pa makina okuzira mawu. Mupatseni moni mwaulemu, thandizani kunyamula masipika shoo ikatha, kuti nkhope yanu aizolowere. Mukamapempha mpata, pemphani wochepa: nyimbo ziwiri, nthawi yomwe anthu asanachuluke kapena bandi ikamapuma. Uzani oimba zida kiyi ya nyimboyo ndi liwiro lake musanakwere. Mukapatsidwa nyimbo ziwiri imbani ziwiri, mutsike. Woimba amene wakakamira maikolofoni sapatsidwanso.

Poimbapo maso anu akhale pa anthu. Ndi nyimbo iti imene amasiya kucheza n'kutembenuka? Ndi kolasi iti imene akuibwereza nanu pomwe aimva koyamba? Ndi pati pamene amadzuka kupita panja? Zimenezi lembani mukafika kunyumba. Anzanu ndi abale adzakuuzani kuti nyimbo zonse ndi moto. Anthu osakudziwani sanama, chifukwa alibe nanu mangawa.

Chinthu china chaching'ono koma chamtengo: paliponse pomwe mwaimba, amene wabwera kudzakuyamikirani mupempheni nambala, mumuuze kuti muzimutumizira uthenga pakakhala shoo kapena nyimbo yatsopano. Anthu 200 amene adakuonani mukuimba n'kukupatsani nambala mwa kufuna kwawo ndi odalirika kuposa zikwi za okutsatani pa Facebook amene sadziwa n'komwe mawu anu.

Chachiwiri: sankhani nyimbo, ndipo chepetsani

Pakatha miyezi ingapo mukuimba chonchi, mudzakhala mukudziwa nyimbo zomwe zili ndi moyo. Zomwezo ndizo zolowa m'chimbale. Nyimbo 8 kapena 10 zakwana. Ngati thumba silikulola, tulutsani EP, kachimbale kakang'ono ka nyimbo 4 mpaka 6. Makampani a pa intaneti monga Spotify amayamba kuchitcha chimbale chikafika nyimbo 7 kapena kupitirira mphindi 30, koma palibe womvera amene adakana nyimbo yabwino chifukwa yatulukira mu EP. Chimbale cha nyimbo 18 chochokera kwa munthu wosadziwika chimangoonetsa kuti adalephera kusankha.

Musanalowe mu situdiyo yesererani mpaka mawu onse akhale pamtima, kiyi ikhale yokhazikika, poyambira ndi pothera pakhale podziwika. Jambulani zoyesererazo pa foni n'kumazimvetsera. Kupekera nyimbo mu situdiyo ndi kwa anthu amene situdiyoyo ndi yawo.

Chachitatu: situdiyo, ndi zoti mugwirizane musanalipire

Musasankhe pulodyusa chifukwa chotchuka. Mverani nyimbo zomwe adajambula za mtundu wanu. Wodziwa amapiano ndi hip hop mwina sadziwa kuika maikolofoni pa ng'oma za manganje, ndipo wozolowera makwaya akhoza kuifooketsa nyimbo yanu ya dancehall. Funsaninso oimba amene adagwira naye ntchito, makamaka za nthawi: kodi nyimbo imatuluka pa tsiku lomwe wanena, kapena mumayendera miyezi itatu?

Apa ndi pomwe pamabadwira milandu yambiri, choncho khalani pansi mugwirizane izi, muzilembe pa pepala, nonse musaine. Mtengo ndi wa chiyani: kujambula mawu kokha, kapena pamodzi ndi kupanga biti, kusakaniza ndi mastering (kusalaza komaliza kwa kamvekedwe ka nyimbo)? Mukapeza cholakwika adzakonza kangati popanda kulipiritsanso? Biti ndi ya ndani mukalipira, ndipo kodi angaigulitsenso kwa wina? Pa ndalama za umwini iye adzatengapo gawo lanji? Zomwezo chitani ndi aliyense amene wapeka vesi, wathandiza kolasi kapena mwamuitana kuti aimbe nanu. Nkhani ya magawo ndi yosavuta nyimbo isanatuluke, pamene ilibe mtengo. Ikagunda, aliyense amakumbukira mosiyana, ndipo maubale ambiri athera pomwepa. Kupempha mnzanu kuti asaine kumachititsa manyazi pang'ono, pirirani manyaziwo.

Lipirani mwa magawo, ina poyamba, yotsala polandira ntchito. Polandira musavomere MP3 yokha ya pa WhatsApp. Mufunika fayilo ya WAV (yosachepetsa mawu ngati MP3) ya nyimbo iliyonse, yosachepera 16-bit ndi 44.1 kHz, chifukwa ndiyo imene makampani ofalitsa nyimbo pa intaneti amafuna. Mufunikanso nyimbo yopanda mawu yoti muziimbira pomwe palibe bandi, ina yochotsa mawu osayenera pa wailesi ngati alimo, komanso zidutswa zonse za nyimboyo payekhapayekha: mawu, besi, ng'oma, magitala. Zisungeni m'malo awiri, pa hard drive ndi pa intaneti. Makompyuta a m'masitudiyo amafa, amabedwa, amapsa magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo zimbale zathunthu zasowapo motero.

Musatole biti pa YouTube chifukwa yalembedwa kuti ndi yaulere. Zambiri ndi zaulere pongoyeserera chabe. Mukaika nyimboyo pa malonda, mwini biti ali ndi mphamvu yoitsitsa kapena kutenga ndalama zake. Chimodzimodzi kudula kachidutswa ka nyimbo ya wina popanda chilolezo.

Pomaliza, nyimbo yosakanizidwa musaiweruzire pa masipika a mu situdiyo okha, paja pamenepo chilichonse chimakoma. Imvereni pa sipika ya foni, pa kasipika kakang'ono ka Bluetooth, pa mahedifoni otchipa a mumsika, ndi m'galimoto. Amalawi ambiri adzaimvera mmenemo. Ngati mawu anu akumira mu besi pa foni, bwererani akakonze.

Chachinayi: pitani ku COSOMA chimbale chisanatuluke

Gawo ili ndi lomwe oimba achinyamata amalizengereza kwambiri, chonsecho ndi lomwe lingawadyetse kwa zaka. COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, lidakhazikitsidwa mu 1992 ndipo likugwira ntchito pansi pa lamulo la Copyright la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1989. Bungweli limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo, monga nyumba zoulutsira mawu, mahotela ndi malo azisangalalo, n'kuzigawa kwa eni nyimbo. Palinso ndalama zomwe zimadulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo zikamalowa m'dziko, zomwe nazo zimagawidwa kwa aluso, ndipo m'zaka zaposachedwapa ndi zimene zapatsa oimba ena ndalama zooneka.

Mwalamulo nyimbo ndi yanu kuyambira pomwe mwaipeka n'kuijambula kapena kuilemba. Simuchita kugula umwini. Koma COSOMA singakulipireni pa nyimbo yomwe siikuidziwa. Choncho lembetsani umembala, kenaka lembetsani nyimbo iliyonse payokha: mutu wake, wopeka mawu, wopeka maimbidwe, wokonza, oimba, ndi gawo la aliyense. Apa pepala lija mudasainirana ku situdiyo likugwira ntchito. Tengani chiphaso chanu cha unzika ndi nyimbo zomwezo, ndipo funsani ku ofesi yawo zina zomwe akufuna pa nthawiyo. Mukatulutsa nyimbo ina m'tsogolo, bwereraninso. Umembala sulembetsa nyimbo zatsopano pawokha. Auzeninso akwanu za umembalawu, chifukwa umwini umakhalapobe kwa zaka 50 mwini atamwalira, ndipo olandira ndi ana anu.

Samalani ndi dzina. Ngati pa chimbale mwalemba dzina lina, ku wailesi mwapereka lina, ku COSOMA lina, ndalama zanu zidzasochera. Sankhani kalembedwe kamodzi ka dzina lanu loimbira ndi ka mutu wa nyimbo iliyonse, musasinthe ngakhale chilembo. Musanakhazikike pa dzinalo, lisakeni pa intaneti muone ngati palibe woimba wina amene akuligwiritsa kale ntchito.

Mfundo ina imene ambiri saidziwa: nyimbo za makolo, za chitelele, beni, tchopa kapena vimbuza, sizili zopanda mwini. Lamulo limati umwini wa zachikhalidwe zotere uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse. Ngati mwatenga nyimbo ya kumudzi n'kuikonza, nenani choncho polembetsa, mufunse za chilolezo chake. Musalembe kuti mwapeka ndinu. Ndipo ngati mukufuna kugulitsa ma CD, funsani za zomata za hologram zomwe zimasonyeza kuti CD ndi yeniyeni.

Kulowa Musicians Union of Malawi ndi nkhani ina yosiyana ndi COSOMA. Iwo sagawa ndalama za umwini, koma kumeneko mumamva za maphunziro, mipikisano ndi mashoo a m'chigawo chanu.

Chachisanu: kuika chimbale pomwe anthu angachipeze

Pali misika iwiri, ndipo yonse muifune.

Wa pa intaneti: Spotify, yomwe idayamba kupezeka ku Malawi mu 2021, Apple Music, Boomplay, YouTube Music, TikTok ndi ina. Ku Spotify ndi Apple Music simungaike nyimbo nokha mwachindunji. Mumadzera kwa kampani yofalitsa, monga DistroKid, TuneCore, CD Baby, Ditto kapena Amuse. Ena amalipiritsa pachaka, monga DistroKid, ena kamodzi pa chimbale n'kumadulako pa zomwe mwapeza, monga CD Baby. Musanasankhe, yankhani mafunso awiri. Kodi ndiwalipira bwanji, popeza amafuna madola ndipo makhadi a mabanki athu ali ndi malire pa zogula zakunja? Nanga iwo adzandilipira kudzera njira iti, ndipo njirayo ikugwira ntchito kwa munthu wokhala ku Malawi? Dziwaninso kuti kwa olipiritsa pachaka, mukalephera kulipira chaka chinacho nyimbo zikhoza kutsitsidwa.

Chifukwa cha vuto la madola, ambiri amapempha m'bale wa ku Johannesburg kapena ku UK kuti awalipirire. Palibe cholakwika, bola akaunti ikhale ya dzina lanu, imelo yanu ndi mawu achinsinsi anu. Chimbale chimene chaikidwa pa akaunti ya mnzanu kapena ya "manejala" wongodziwana naye pa Facebook, ndalama zake zimapita kwa iye, ndipo tsiku lomwe mwayambana chimbale chapita.

Poika mufunika ma WAV aja, chithunzi cha pachikuto cha mbali zinayi zofanana, 3000 kwa 3000 pixels, chopanda manambala a foni kapena ma adiresi a pa intaneti, ndi maina onse olembedwa molondola. Kampaniyo idzapatsa nyimbo iliyonse nambala yake ya ISRC, ndi chimbale chonse nambala ya UPC. Zilembeni penapake, mukadzasamukira ku kampani ina mudzazifuna kuti chiwerengero cha omvera chisayambirenso pa ziro. Ikani chimbale kukadali masabata anayi tsiku lotulutsa lisanafike. Mukatero mupeza nthawi yokonza zolakwika, yotenga tsamba lanu pa Spotify for Artists, ndi yopereka nyimbo imodzi kwa osankha nyimbo a Spotify, zomwe zimafuna masiku osachepera 7 isanatuluke. Pa Audiomack ndi pa YouTube mukhoza kuika nokha kwaulere.

Za ndalama za kumeneku musadzinamize. Kumvera kamodzi kumabweretsa kachigawo kakang'ono ka senti ya ku America, ndipo kuyambira 2024 Spotify silipira nyimbo yomwe sinamveredwe ka 1,000 m'miyezi 12. Phindu lenileni la kukhala kumeneko ndi lakuti wokonza chikondwerero, mtolankhani kapena Mmalawi wa kunja akamva dzina lanu, akupezeni. Ndipo anthu olonjeza kukugulitsani omvera zikwizikwi athaweni: makampani amazindikira chinyengocho, nyimbo n'kuzitsitsa.

Msika wachiwiri ndi wa pansi pano, ndipo ndi umene umadzaza holo. Amalawi ambiri amapeza nyimbo pa WhatsApp, pa masamba a kwathu monga Malawi-Music.com, ndi kwa anyamata obena nyimbo m'misika, oika nyimbo m'mafoni ndi m'mamemori khadi. Oimba amawadandaula, ndipo ali ndi chifukwa, koma kwa inu amene simunadziwike vuto lalikulu si kuberedwa nyimbo, ndi kusamveka. Ine ndingati sankhani nyimbo imodzi kapena ziwiri muzimwaze mwadala: MP3 yopepuka kuti isadye bandulo, yolembedwa bwino dzina lanu ndi mutu, yokhala ndi chithunzi chanu mkati. Apatseni obena nyimbo a m'dera lanu, madalaivala a minibasi, ma DJ a pa maukwati. Chimbale chonse ndiye muzigulitsa nokha pa flash, pa CD kwa omwe akadali nazo ntchito, makamaka kutchalitchi, kapena kutumiza pa WhatsApp munthu akalipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Funsaninso za kuika nyimbo pa caller tune, koma werengani bwino mgwirizano wa kampani yomwe ili pakati, muone gawo lanu ndi nthawi yolipira.

Chachisanu ndi chimodzi: wailesi

Musaponye chimbale chonse nthawi imodzi. Tsogozani nyimbo imodzi mwezi umodzi kapena iwiri chimbale chisanatuluke, ndipo ngati pali ndalama ya kanema mmodzi yekha, ikhale ya nyimbo imeneyo. Kanema wosavuta wojambulidwa bwino masana pamalo amodzi amaposa wa magalimoto obwereka.

Aliyense amathamangira MBC, Zodiak, Times ndi Capital FM, ndipo pitaniko ndithu, mutadziwa pulogalamu yomwe imaika nyimbo za mtundu wanu ndi amene amaiyendetsa. Koma musaiwale mawailesi a m'madera, monga Mudzi Wathu ku Mchinji, Dzimwe ku Mangochi, ya ku Nkhotakota ndi ya ku Mzimba. Kumeneko mpata wocheza nanu pa wailesi umapezeka msanga, ndipo omvera ake ndi amene adzabwere mukapita kukaimba m'bomalo. Perekani nyimbo yolembedwa bwino, chithunzi chimodzi chooneka bwino ndi mizere isanu yofotokoza za inu. Mukakumana ndi wofuna "ya fanta" kuti aike nyimbo, dziwani kuti imeneyo imalira masiku omwe ndalamayo ikukumbukiridwa basi. Yokhalitsa ndi imene omvera akuipempha okha, ndipo apa manambala mudatolera aja agwire ntchito: auzeni tsiku ndi pulogalamu.

Chachisanu ndi chiwiri: kukhazikitsa chimbale

Apa ndi pomwe anthu amalowera m'ngongole. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi: nyimbo imodzi ikangolira pa wailesi, woimba amathamangira kubwereka holo ya anthu zikwi, n'kudzaimbira mipando.

Yambani ndi masamu. Lembani zonse zolipira: malo, zokuzira mawu, jenereta ndi mafuta ake, bandi ndi masiku oyeserera, mayendedwe, zolengeza, achitetezo, zilolezo. Gawani ndi mtengo wa tikiti. Tingoyerekeza kuti zonse zakwana K900,000 ndipo pakhomo ndi K5,000: mufunika anthu 180 olipira kuti mungobweza zomwe mwalowetsa. Kodi pa mashoo omwe mwakhala mukuimba, alipo anthu 180 amene angabwere chifukwa cha inu? Ngati yankho ndi lokayikitsa, pezani malo aang'ono. Chipinda cha anthu 100 chodzaza chimakupatsani zithunzi zabwino, mbiri yabwino ndi mtima woimba. Holo yaikulu yopanda anthu imakuchotserani zonsezo.

Tsiku lisankheni mwanzeru. Mapeto a mwezi anthu atalandira ndi abwino kuposa pakati pa mwezi. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya fizi, feteleza ndi njala, ndalama ya zisangalalo kulibe. Shoo ya panja kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi kubetcherana ndi mvula. M'maboma a alimi ndalama imayenda akakolola ndi kugulitsa, kuyambira cha mu Meyi. Fufuzaninso ngati tsikulo kulibe mpira waukulu kapena shoo ya woimba wotchuka m'tauni momwemo.

Ndi mwini malo gwirizanani polemba: mukubwereka malo pa mtengo wokhazikika, kapena inu mutenga za pakhomo iye za zakumwa, kapena mugawana za pakhomo? Ndani abweretsa zokuzira mawu? Magetsi akathima jenereta ndi ya ndani, ndipo ingakoke zida zonse? Za zilolezo yambani msanga: zisangalalo za pagulu zimafuna chilolezo cha Censorship Board pansi pa lamulo la 1968, palinso laisensi ya COSOMA, kudziwitsa apolisi a m'dera, ndi khonsolo ngati mukhoma zikwangwani m'misewu. Eni malo ozolowera mashoo amadziwa njira zake. Afunseni zomwe ali nazo kale ndi zomwe zili kwa inu.

Gulitsani matikiti nthawi isanakwane pa mtengo wotsikirapo. Ndalamayo ikuthandizani kulipira zoyambira, komanso ikuuzani zoona za kuchuluka kwa anthu kukadali nthawi yosintha. Pakhomo ikani anthu awiri osadziwana kwambiri, wina wolandira ndalama, wina wodinda pa mkono kapena kumanga kalamba, ndipo matikiti akhale ndi manambala. Mndandanda wa olowa ulere ulembedwe dzulo lake n'kutsekedwa. Mukapanda kutero mudzaona holo yodzaza ndi asuweni, thumba lili mbee.

Zokuzira mawu musaumire. Anthu amakhululuka siteji yosakongoletsa, koma sakhululuka maikolofoni yolira ngati mluzu. Yesani zida maola angapo anthu asanafike, bandi yonse ilipo. Akalambulabwalo akhale ochepa ndipo aliyense auzidwe mphindi zake, kuti inu mukwere anthu asanatope kapena kuyamba kuganiza za minibasi yomaliza.

Mwambo woitana mlendo wolemekezeka ndi kugulitsa CD yoyamba pa mtengo wopikisana, womwe ndi wofala pa zimbale zauzimu, umathandiza ndithu. Koma werengerani ndalama yomwe yaperekedwa pomwepo. Malonjezo olengezedwa pa maikolofoni anthu akuomba m'manja, ambiri amathera pomwepo. Muike munthu wolemba maina ndi manambala, ndipo musalipire bandi ndi ndalama ya lonjezo. Oimba zida alipireni usiku womwewo monga mudagwirizanirana. Oimba zida a m'tauni imodzi amadziwana onse, ndipo mbiri yoti simulipira imafika kutali msanga kuposa nyimbo zanu.

Pezani munthu mmodzi woti ajambule kanema wa shooyo, ndipo mawu awatenge kuchokera pa makina osakanizira, osati pa kamera pokha. Mufuna kanemayu pa gawo lotsatira.

Chimbale chatuluka, tsopano chiyendetseni

Sabata ya kukhazikitsa ikatha ambiri amakhala pansi, pomwe ntchito yeniyeni ndi ya miyezi 12 yotsatira. Bwererani kumalo onse mudayambira kuja, tsopano ndi chimbale m'manja. Gwirizanani ndi oimba awiri kapena atatu a msinkhu wanu ochokera m'matauni ena: inu muwaitane kwanu, iwo akuitaneni kwawo, mugawane za mayendedwe ndi zokuzira mawu. Wa ku Mzuzu ali ndi anthu ake amene inu a ku Zomba simungawapeze panokha. Miyezi iwiri kapena itatu iliyonse kankhani nyimbo ina ya m'chimbale chomwecho, ndi kanema wake ngakhale wa pa shoo.

Zikondwerero zikuluzikulu zambiri zimachitika nyengo yotentha, pakati pa Sepitembala ndi Novembala: Lake of Stars yomwe idayamba mu 2004, Sand Music Festival, Blantyre Arts Festival, ndi Tumaini ya ku Dzaleka m'boma la Dowa yomwe idayamba mu 2014. Oimba amasankhidwa miyezi ingapo m'mbuyo, choncho tsatirani masamba awo kuyambira kumayambiriro kwa chaka, ndipo akaitana ofuna kuimba tumizani msanga. Chomwe amayang'ana kwambiri ndi kanema wosonyeza kuti mumatha kuimba pamaso pa anthu. Onjezani mbiri yanu yaifupi m'Chichewa ndi m'Chingerezi, zithunzi ziwiri, pomwe angamvere chimbale, chiwerengero cha anthu a mu bandi yanu, ndi pepala losonyeza zida ndi maikolofoni zomwe mufuna pa siteji.

Wina akakuitanani kukaimba, funsani zinthu zinayi musanavomere: ndalama zingati, mayendedwe ndi malo ogona ali kwa ndani, muimba mphindi zingati ndipo nthawi yanji, ndi zida zomwe zidzakhalepo. Mayankho akhale olembedwa, ngakhale pa WhatsApp. Pemphani theka la ndalama musananyamuke, lotsalalo musanakwere siteji, chifukwa shoo ikatha wokonza amasowa ndipo foni yake imazima. Kuimba kwaulere kuli ndi malo ake pamene mukuyamba, kapena pamene siteji ikukuikani pamaso pa anthu omwe simukadawapeza. Koma ngati pakhomo akulipiritsa ndipo ena onse akulandira, nanunso tchulani mtengo wanu, ngakhale ukhale wongokwanira mayendedwe ndi oimba zida.